Ndani Akuphika Kuphiriko?

Kumapeto kwa mwezi wa Epulo 2024, patangopita masabata awiri chidyereni Idi, ine, akazi anga ndi mwana wathu wamkazi tidanyamuka kwathu ku Senga Bay ulendo wa ku mapiri a Ntchisi. Sudali ulendo wongokayenda. Alamu anga adali atatumiza uthenga wakuti apongozi, mayi awo a akazi anga, ayamba kuiwala kwambiri, mwakuti tsiku lina adasokera pochokera kudimba lomwe akhala akulima moyo wawo wonse. Uthengawo udatha ndi mawu akuti: "Ngati mufuna kuti amudziwe mdzukulu wawo, bwerani naye tsopano."

Mdzukuluyo, yemwe kunyumba timangomutchula kuti Chemwali, adali ndi zaka ziwiri ndi miyezi 7. Ndiyenera kukuuzani, awerengi, kuti mwanayu adatidetsapo nkhawa. Atakwanitsa chaka ndi theka, anzake akuitana kale amayi awo, iye ankangoloza ndi chala. Ena pamudzi ankati tamusokoneza chifukwa agogo ake a kuchimuna amamuyankhula Chiyao pomwe mayi ake amamuyankhula Chichewa. Koma anamwino a kusikelo, ataona kuti makutu ake akumva bwino, adatiuza kuti zilankhulo ziwiri sizimupweteka mwana, ndipo ana satsegukira pakamwa tsiku limodzi. Adati tizingocheza naye, ndipo tibwerenso ngati afika zaka ziwiri asanayambe kulumikiza mawu awiri. Sitidabwerere ndi dandaulo limenelo. Mawu adabwera ngati usipa wa mdima wabwino, ndipo pofika nthawi ya ulendowu vuto lathu lidali litasanduka lina: kusowa mpata wopuma ku mafunso ake.

Tidakwera minibasi pa Salima, ndipo posakhalitsa tidasiya chigwa ndi malambe ake nkuyamba kukwera zitunda. Amene mudayendapo msewu wopita ku Lilongwe mukudziwa momwe umapindikira, galimoto ikulira ngati ikudandaula. Nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe boma la Dowa lili pamwamba kuposa mamita 1,200. Choncho munthu akamakwera, makutu amatseka. Chemwali adagwira khutu lake nkundiyang'ana ndi maso odandaula.

"Ababa, khutu latseka chitseko."

Ndidamupatsa madzi kuti amwe, ndipo atameza adanena mokondwa kuti chitseko chatseguka. Palibe adamuphunzitsapo kunena choncho. Mawu akuti khutu ankawadziwa, chitseko ankachidziwa, koma kuwakwatitsa awiriwa idali ntchito yake yekha.

Tikuyandikira malo ena a malonda, kondakitala adatulutsa mutu pawindo nkuyamba kukuwa: "Mvera! Mvera! Mvera!" Tsono mawu amenewa ndi omwe mayi ake amamuuza Chemwali tsiku lililonse akamakana kusamba. Mwana adatembenuka, nkumuyang'ana kondakitala uja mokwiya, ndipo adati: "Ndamva kale!" Minibasi yonse idafa nacho chiseko, mpaka mayi wina wonyamula nkhuku adapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Mwana sadalakwe kwenikweni, chifukwa dzina la malowa ndi mawu omwewo a kumvera. Pa Mvera ndi pomwe amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba m'dziko muno mu 1889, m'dera la mfumu ya Angoni, Chiwere. Ine ndadutsa pa Mvera kosawerengeka popita ku Lilongwe kukagulitsa nsomba, koma sindidaganizepo kuti dzinali ndi mawu olankhula. Kwa ine lidali siteji chabe.

Pa Chezi tidatsika nkukwera galimoto ina yolowera ku boma la Dowa. Kuno dziko ndi la mapiri okhaokha, lina kuseri kwa linzake, ndipo minda imakwera mpaka m'mbali mwa mapiriwo. Chimanga chidali chitayamba kuuma, anthu akukumba mtedza, ndipo pafupi ndi nyumba zambiri padali zigafa momwe fodya adali lendelende. Chemwali, yemwe adabadwira pakati pa mathandala oyanikapo usipa, adaloza chigafa nkunena kuti: "Nsomba zazikulu!" Titakumana ndi ngolo yodzaza matumba, adaitcha bwato la ng'ombe. Ndipo titaona nkhumba ikufukula m'mbali mwa msewu, nyama yomwe kwathu sadaionepo, adafuula kuti: "Galu wonenepa!" Mayi ake adamuuza dzina lake lenileni, nkuwonjeza kuti ife sitidya. Iye adafunsa kuti: "Nanga iyo imadya?" Tidavomera kuti inde, iyo imadya ndithu.

Apa ndidayamba kuona momwe mwana amaphunzirira. Chinthu chachilendo sachisiya chopanda dzina. Amachibwereka dzina kuchokera ku zomwe akuzidziwa kale, nkudikira kuti wamkulu amukonze. Ukamukonza mosamuseka, amatenga dzina latsopanolo nkulibwereza chamumtima kangapo, ngati munthu woyesa nsapato. Ukamukalipira kapena kumunyalanyaza, amatseka pakamwa. Ndivomere kuti kunyumba, ndikabwera wotopa, nthawi zambiri yankho langa limakhala lakuti: "Kafunse amako." M'minibasi mudalibe kothawira, ndipo ndidazindikira kuchuluka kwa zomwe ndimataya.

Kuchoka pa boma la Dowa kulowera ku msewu waukulu wa M1, munthu amadutsa pa Dzaleka. M'nthawi ya ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda pamalopa padali ndende yosungirako andende a zandale, ndipo anthu amati dzinali lidachokera ku mawu a munthu wolapa, akuti ndidzaleka. Mu 1994 malowa adasanduka msasa wa anthu othawa nkhondo. Lero muli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda, Somalia ndi maiko ena, pamalo pomwe adakonzera anthu ochepa kwambiri kuposa pamenepo. Galimoto itaima kudikira okwera, tidatsika kukagula chapati kwa mayi wina wovala mpango, yemwe adatiyankha salamu bwino lomwe. Mayiyo adawerama nkumuuza Chemwali kuti: "Karibu." Mwana adamuyang'anitsitsa pakamwa, osanena kanthu. Ndidayesa kuti mawuwo angomupitirira.

Pamsika wa pa Dzaleka khutu limamva Chiswahili, Chifalansa, Chirundi ndi Chichewa nthawi imodzi, ndipo ana obadwira pamenepo amalumpha kuchoka m'chilankhulo china kulowa m'china ngati akuwoloka kamtsinje. Ndidakumbuka aja ankati zilankhulo ziwiri zimusokoneza mwana wanga, ndipo ndidalakalaka akadaima pomwe ndidaimapo.

Pa Mponela tidasiya M1 nkukhotera kummawa, ndipo dzuwa litapendeka tidafika pa boma la Ntchisi, pomwe akuluakulu ena amapatchulabe dzina lakale lakuti Visanza. Kuchoka apo tidakwera njinga zamoto za kabaza kulowera kumudzi kwa akazi anga, m'munsi mwa phiri la Ntchisi. Panjira tidamva ng'oma, ndipo oyendetsa njinga adapatukira pambali nkuima. Gule adatulukira, thupi lonse fumbi, akuthamanga ndi gulu la amayi oyimba pambuyo pake. Dowa ndi Ntchisi ndi kwawo kwa Gule Wamkulu, yemwe mu 2005 bungwe la UNESCO lidamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse. Chemwali adandikakamira pakhosi, koma diso limodzi lidali panja. Gule atapita adanong'ona kuti: "Ababa, nkhope yake ili kuti?" Ndidamuuza kuti zimenezo ndi za eni mudzi, ife ndife alendo, ndipo mlendo amapatuka. Limeneli ndi funso lokhalo paulendo wonse lomwe ndidalisiya dala.

Tidafika kumudzi kuli chisisira. Apongozi adali pakhonde, atafunda bulangete. Monga mwa mwambo wa kuno, ine mkamwini ndidakhala chapatali pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi alamu, ndipo akazi anga ndi omwe adapita kukagwada pafupi. Ndidamva mawu a mayi wokalambayo ali phee, aulemu kwambiri:

"Takulandirani, mayi. Mwachokera kuti?"

"Amayi, ndine mwana wanu. Ndabwera ndi mdzukulu wanu."

"Eya, zikomo. Kwanu nkuti?"

Akazi anga adadzuka nkupita kuseri kwa nkhokwe. Sindidawatsatire. Alamu adandifotokozera kuti ku chipatala adawauza kuti ndi matenda a kuiwala omwe amagwira ena mwa okalamba, kuti mankhwala ochiza palibe, ndipo chofunika ndi kuwasamala ndi kusawasiya okha. Adawonjeza motsitsa mawu kuti ena pamudzi adayamba kunong'ona za ufiti atawaona akuyenda usiku osadziwa komwe akupita. Pabanja adachita kupita kwa amfumu kukafotokoza. Ndikulemba izi chifukwa kunyanja kwathunso alipo okalamba otere, ndipo tonse tamvapo za agogo omenyedwa kapena kuthamangitsidwa pamudzi pa mlandu womwe uli matenda chabe.

Usiku umenewo alamu adabwera ndi tambala nkundipatsa mpeni kuti ndizinge ndekha, ulemu womwe banjali lakhala likundichitira chikwatireni. Tidadya nsima ya mgaiwa mwakachetechete. Ndidagona ndikudzifunsa ngati sitidachedwe.

Mmawa kudacha ndi chisanu chomwe ife a kunyanja sitichidziwa. Phiri lonse lidali litakutidwa ndi zoyera. Chemwali adatuluka atavala juzi la msuweni wake lofika m'mawondo, adayang'ana kumtunda, nkufunsa kuti:

"Ndani akuphika kuphiriko?"

Ndidamuuza kuti si utsi ayi, ndi nkhungu. Apo mwana adadabwa koposa. Kwathu nkhungu ndi tizilombo tija timafuka panyanja ngati mtambo wakuda, tomwe amayi ena amakola ndi lichero nkupanga ndiwo. Adaganiza kwa kanthawi, kenaka adati: "Nkhungu za kuno zasamba?" Ndidalephera kuyankha chifukwa cha kuseka. Koma yankho lidachokera pakhonde. Apongozi, omwe ndinkayesa kuti sakumva, adati: "Iyayi mnzanga, umenewo ndi mtambo wagona paphiri. Dzuwa likakwera udzuka."

Chemwali adatembenuka, adapita pakhondepo, adakhala pamphasa pafupi ndi agogo ake, nkugunda pamphasapo ndi kadzanja ngati mwini nyumba. "Kalibu," adatero. Mawu a mayi wa chapati uja adali atagona m'mutu mwake usiku wonse, ndipo adawatulutsa pa malo ake enieni.

Kuyambira mmawa umenewo awiriwa sadasiyane. Masiku anayi omwe tidakhala kumeneko, ankayenda pang'onopang'ono kuzungulira mudzi mpaka m'mphepete mwa tchire, wina ndi ndodo, wina atagwira nsonga ya chitenje, akazi anga akutsatira pambuyo. Mwana ankaloza chilichonse nkufunsa kuti: "Ichi nchiyani?" Ndipo mayi yemwe adaiwala dzina la mwana wobala yekha sadaphonye dzina la mtengo ngakhale umodzi. Uwu ndi msuku, zipatso zake zimapsa mvula ikamayamba. Uwu ndi mombo, timasenda luzi. Ichi ndi chisoso, ndiwo. Izi ndi nthudza, uzifinye kaye zifewe ndiye udye. Ichi ndi chitedze, usakhudze.

Chomwe chidandigwira mtima ndi ichi. Mwana wa msinkhu uwu amafunsa funso limodzi kakhumi. Ife makolo pofika kachitatu timakhala tatopa, pofika kachisanu takalipa. Koma kwa apongozi funso lililonse lidali latsopano, pakuti loyamba lija adali ataliiwala kale. Ankayankha kakhumi konse ndi chimwemwe chofanana, ndipo mwanayo, yemwe amafuna kumva chinthu mobwereza kuti chikhazikike, adapeza mphunzitsi woposa tonse. Matenda omwe adatiliza madzulo aja ndi omwe adawapatsa kudekha komwe ife amoyo wathanzi tilibe. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma mwambiwu uli ndi mbali ina yomwe sitiitchula: wofunsayo amafunika womuyankha.

Tsiku lachitatu alamu adatitenga kukaona nkhalango ya Ntchisi. Apongozi adatsala. Kumunsi kwa phiri kuli mitengo ya mombo ndi misuku yomwe imayoyola masamba m'chilimwe, koma ukakwera umalowa mwadzidzidzi m'nkhalango yobiriwira chaka chonse, imodzi mwa zochepa zotere zomwe zatsala m'chigawo chapakati. M'katimo ndi mozizira ndi mwamdima ngati m'nyumba. Mitengo ndi yaitali zedi, mizu ina yotambalala ngati zipupa, ndipo akachere amakulunga mitengo inzawo mpaka kuipha. Mbiri imati m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankabisala m'nkhalangoyi pothawa nkhondo za Angoni, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe sidadulidwe. M'mphepete mwake muli nyumba yakale yomangidwa mu 1914 m'nthawi ya atsamunda, yomwe tsopano ndi malo ogona alendo. Midzi ina yozungulira idayamba kulima khofi, pakuti nyengo yozizira imamuyanja.

Chemwali adali pamapewa panga. Titalowa mumdima muja adasiya kuyankhula mokweza, nkuyamba kunong'ona, ngati momwe amachitira akalowa mumzikiti ndi mayi ake. Pamwamba padamveka phokoso la nthambi, ndipo alamu adaloza anchima awiri akulumpha. Mwana adawatcha anyani, alamu adamukonza, ndipo njira yonse ankangoti nchima, nchima, kuopa kuti dzinalo lingamugwe.

Titatuluka m'nkhalango tidafika pathanthwe loyang'ana kummawa. Nkhungu idali itadzuka monga adanenera agogo ake. Pansi pathu dziko lidatsetsereka, zitunda pamwamba pa zitunda, mpaka kuchigwa cha Nkhotakota, ndipo kumapeto kwenikweni kudali kamzere konyezimira ngati lumo. Ine sindidanene kanthu. Ndinkafuna kuona ngati angaizindikire. Adayang'ana nthawi yaitali, kenaka adandimenya pamutu ndi manja onse awiri.

"Ababa! Nyanja yathu! Yatitsatira!"

Patapita kanthawi adawonjeza modandaula kuti: "Koma yachepa." Ndidamutsimikizira kuti tikafika kwathu tikaipeza ili yaikulu monga kale. Ine ndemwe, munthu wobadwira pagombe, ndidali ndisanaionepo nyanja kuchokera pamwamba chotere. Ndidaima pamenepo ndikuganiza za makolo athu a m'mbali mwa nyanja omwe ankakwera mapiri amenewa wapansi, atasenza nsomba zouma ndi mchere kudzasinthana ndi chimanga.

Tsiku lonyamuka, akazi anga adagwadanso pakhonde kutsanzika. Apongozi adawathokoza ngati mlendo, nkuwafunira ulendo wabwino. Koma ataona Chemwali atabebedwa kumsana, nkhope yawo idasintha. "Mukupita naye kuti mnzangayu?" adafunsa. Dzina lake sadalidziwe, ndipo sindikhulupirira kuti adamvetsa kuti ndi mdzukulu wawo. Koma adamudziwa kuti ndi wawo. Akazi anga adati zimenezo zawakwanira.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandivuta. Odziwa za kakulidwe ka ana amati munthu akakula sakumbukira zambiri zomwe zidamuchitikira asanakwanitse zaka zitatu. Inunso awerengi tayesani kukumbuka, muona kuti kuseri kwa msinkhu umenewo kuli mdima. Ndiye kuti masiku anayi aja, agogo adawaiwala ife tisanafike nkomwe pa Mponela, ndipo mdzukulu naye akhoza kudzawaiwala. Otsala ndife apakati, ine ndi mayi ake. Odziwawo amanenanso kuti mwana amasunga bwino zinthu zomwe makolo amakambirana naye mobwereza, akumufunsa ndi kumulola kuti afotokoze yekha. Choncho madzulo ambiri, tikatha kudya, timayenda ulendo uja kachiwiri tili pamkeka. Mayi ake amafunsa kuti kondakitala adati chiyani, iye amakuwa kuti Mvera. Ndimafunsa kuti paphiri padagona chiyani, iye amati mtambo. Akalakwitsa dongosolo sitimukonza msanga, koma ife tikalakwitsa dala amatidzudzula nthawi yomweyo.

Mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho, ana a pamudzi akusewera kuseri kwa nyumba, ndidamva mawu ake akukalipira mnyamata wamkulu kuposa iye, yemwe ankafuna kuthyola kamtengo kena koyanga pampanda. "Usakhudze! Chitedze! Anatero agogo a kuphiri." Sichidali chitedze, kadali kanyemba wamba. Koma mayi ake, omwe ankatsuka mbale, adaima ndi mbale m'manja mpaka madzi onse adatayika.

Abale anga a kunyanja, ambiri a ife tili ndi achibale kumtunda omwe timangowapitira pamaliro, ndipo ana timawasiya kunyumba poti ndi aang'ono, sadziwa kanthu, angotivutitsa panjira. Ulendo wa ku Ntchisi ndi mwana ndi wotopetsa ndithu, ndipo ndalama zake si zochepa. Mukaganiza zopita, nyamulani majuzi ngakhale kwanu kukutentha, nyamukani mmamawa kuti kabaza wa kumapeto akupezeni kusanade, ndipo pewani miyezi ya mvula pomwe misewu yafumbi ya kuphiri imaterera. Koma koposa zonse, mumukhazike mwanayo pawindo.

Apongozi akadali moyo, ngakhale tsopano sayendanso kutali. Chemwali adayamba kupita ku madrasa, ndipo mafunso ake akula kuposa nzeru zanga. Dzana adandifunsa kuti mtambo ukagona paphiri umafunda chiyani. Ndidamuuza kuti funso limenelo tikalifunse kwa eni ake, Insha Allah, anthu akatha kukolola.